Tsiku limene ndinatsuka asilikali a bambo Gondwe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera azakhali anga a ku Ndirande, nditangofika kuchokera ku Nsanje. Inali ya m'nyumba, ku Chilomoni, kwa bambo Gondwe, mphunzitsi wopuma amene shuga anawapha maso. Kukolopa, kuchapa, kusita ndi simbi ya makala. Ine pa ukhondo sindinyengerera.

Pabalaza panali bolodi ya tchesi, tizidole take titangoti mbwee, fumbi lokhalokha. Sindinkadziwa kuti bambowo akusewera ndi mnzawo wa ku Rumphi, a Mhango, kudzera m'makalata. Kalata imodzi, kusuntha kamodzi. Mwana wawo ndiye ankawawerengera ndi kuwalembera yankho Lamlungu. Masewerawo anali atatha zaka ziwiri.

Tsiku lachitatu, iwo atapita kuchipatala, ndinakokolola tizidole tonse, kutiviika m'beseni la sopo, kutikwecha ndi mswachi wakale, kenaka kutindandalika bwinobwino, tatitali kumbuyo. Ndinkadikira kuyamikiridwa, ine wopusane!

Atabwera anapapasa bolodi, dzanja n'kuima.

“Esinati, wandiphera nkhondo yanga.”

Atandifotokozera, ndinadziwa kuti ndalakwitsa. Basi, ntchito yatha, ndikauza chiyani azakhali? Ndinagwada.

“Pepani bambo. Nditenge makalatawo tionere?”

“Asiye. Khala apo. Bwezera aliyense kwawo, tiyambe pachiyambi.”

Anandigwiritsa tizidoleto akutchula mayina, hatchi, bishopu, mfumukazi, nandisonyeza malembo ndi manambala a m'mbali. Kenaka anatsamira pampando nayamba kutchula. Kusuntha kwawo, kusuntha kwa a Mhango. Uyu apite apa, uyo wadyedwa, mchotse. Osakayika ngakhale kamodzi! Pena ankaseka: “Apa Mhango anandisowetsa tulo sabata yathunthu.” Zaka ziwiri zinadutsa m'manja mwangamu tiyi asanazizire.

Lamlungu mwana wawo anafananiza ndi makalata, ine nditaima pakhomo, chikwama nditamanga kale. Panalibe kachidole ndi kamodzi komwe kamene kanali posayenera.

“Kamasule chikwamacho,” anatero bambowo. “Kuyambira lero makalata uziwerenga ndiwe.”

Ndine ndinawerenga yomaliza, patatha miyezi isanu. A Mhango ankapempha kuti avomerezane kuti alepherana. Bambo anaomba m'manja.

“Zaka zonsezi wopambana palibe?” ndinafunsa mokhumudwa.

“Kupambana kumafuna wina alakwitse, mwana wanga. Ife palibe analakwitsa.”

Ndagwira m'nyumba zambiri chichokereni kumeneko. Ndikapeza chinthu chili mbwee, tsache ndimayamba ndaliika pansi, n'kukafunsa mwini wake.