Wogogoda pa Geti la a Bassou

A Bassou sanapondeko m'kalasi moyo wawo wonse, koma ndi iwo amene anasunga sukulu ya m'mudzi mwathu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anali mlonda wa pageti. Ana tonse tinkawaitana kuti amalume.

Anakula akuweta mbuzi m'mapiri. Ndevu zitangoyamba kumera, kunabwera azungu ofuna anthu okakumba malasha ku Falansa. Anawayang'ana mano, kuwagwira m'mapewa, n'kuwatenga. Patapita zaka khumi ndi ziwiri anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi wotchi ya m'thumba, dzanja lamanja likusowa zala ziwiri. Zalazo zinatsala pa makina ena amene pamwamba pake panali chikwangwani choletsa kugwirapo. Iwo ankachiona tsiku ndi tsiku, koma ankayesa kuti ndi dzina la kampani.

"Chikwangwani chija chinkandikuwira," ankatero, "koma ine ndinali gonthi wa m'maso."

Ndiye boma litamanga sukulu ya zipinda ziwiri tsidya lino la khwawa, a Bassou anapempha okha ntchito ya ulonda, ndipo anaigwira ngati ya usilikali. Ikakwana 8 koloko ankamenya limu ya tayala la lole yomwe inkalendewera pamtengo wa mkuyu, n'kutseka geti lachitsulo. Wochedwa ankabwerera kwawo. Kaya ndi mwana wa mwini sitolo, kaya ndi wa wopempha, zinali chimodzimodzi.

Ndili m'kalasi yachitatu ndinkakhala benchi imodzi ndi mtsikana wina dzina lake Itto. Kwawo kunali tsidya lina la khwawa. Bambo ake anali atamwalira, ndiye m'mawa uliwonse ankayamba wamwetera ng'ombe udzu asanatenge chikwama. Masamu ankatiposa tonse, koma kuchedwa inali nthenda yake.

Tsiku lina, nyengo yothyola zipatso za kanjedza, limu italira ndi geti litatsekedwa, tinamva kugogoda katatu. Ine ndinali pafupi ndi windo, ndipo zonse ndinazimva.

"Amalume, tsegulani, ndine Itto."

"Ndakumva. Nthawi ili bwanji?"

"Ine wotchi ndilibe, amalume."

"Nanga dzuwa nalonso ulibe?"

"Ndimamweta udzu. Amayi msana wawavuta."

"Dzulo udzu, dzana udzu. Kodi mayeso idzalemba ndi ng'ombe yanuyo? Bwerera, mawa ulawirire."

Itto anaima pamenepo kanthawi. Kenako ndinaona kampango kake kofiira kakudutsa kuseri kwa mpanda, kulowera kukhwawa.

Kumwamba kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Mvula inali itagwa kutali kumapiri, kumene ife sitikuona. Tisanamalize kulemba deti tinamva chimkokomo ngati malole ambiri akutsika phiri, ndipo mawindo anayamba kunjenjemera. Khwawa limene linali miyala yokhayokha m'mawawo linadzaza madzi amatope mpaka m'minda.

Itto anam'peza tsiku lachiwiri m'munda wa kanjedza wa mudzi wakumunsi, chikwama chili kumsana.

Palibe amene anawaloza chala a Bassou. Anthu anangofupikitsa moni. Kumzikiti munthu ankapeza chifukwa choimira pamzere wina.

Patatha sabata tinabwerera m'kalasi. Limu inalira, geti linatsekedwa, ndipo aphunzitsi athu, a Larbi, anayamba kuitana mayina. Atafika pa dzina la Itto analidumpha. Nthawi yomweyo pageti panamveka go, go, go. Sikunali kugogoda kwa munthu wamkulu. Kunkamveka m'munsi, pamene pamafika dzanja la mwana.

A Bassou anatsegula msanga. Panalibe munthu. Msewu unali pululu mbali zonse ziwiri. Koma patsinde pa geti mchenga unali wonyowa, malo aakulu ngati thireyi ya tiyi, pamene dziko lonse linali litauma kale.

Mawa lake zinachitikanso, mkuja wakenso chimodzimodzi, nthawi yake yomweyo, mphindi zisanu limu italira.

"Ndi chitsulo chimenecho," anatero a Larbi. "Chikatenthedwa ndi dzuwa chimalira."

"Aphunzitsi," anayankha a Bassou, "chitsulo chimadziwa kuwerenga mpaka katatu n'kusiya?"

A imamu anabwera kudzapemphera pagetipo. M'mawa mwake kugogoda kunamveka ngati kale. A Bassou analeka kutseka geti, n'kulitchinga ndi mwala kuti lizikhala chotsegula. Chitsekocho chinkagogodedwabe iwo ataima pomwepo akuchiyang'ana.

Makolo anayamba kuletsa ana awo. Tinali ana makumi asanu ndi awiri, koma pofika nyengo yozizira tinatsala asanu ndi anayi. Kuboma kunachokera kalata yonena kuti zikapitirira choncho sukulu itsekedwa, ndipo a Larbi atumizidwa kwina.

Apa m'pamene a Bassou anayamba ntchito imene palibe anawatuma. Akangotuluka mumzikiti m'mawa, ankakoka bulu wawo n'kumayenda khomo ndi khomo. Tsiku loyamba ndinawamva akukangana ndi a Addi, oyandikana nafe nyumba.

"Mwana wanga asapite kumalo kogogoda zosaoneka," anatero a Addi ali pakhomo, mkate uli m'manja.

"Zosaonekazo zikupempha kulowa m'kalasi, iwe wamoyo ukubisa mwana m'khola."

"Mbuzi zanga aweta ndani?"

"Iweyo. Miyendo anakudula ndani? Addi, mutu wako ndi wa bulu wangayu n'chimodzimodzi, kungoti buluyu njira ya kusukulu amaidziwa."

A Addi anaseka osafuna, ndipo mwana anatuluka akupukuta kukamwa.

Nyumba zina sizinkatheka ndi nthabwala. Kumene mtsikana ankachedwa ndi madzi, a Bassou ankatunga okha. Kumene kunali udzu, ankamweta ndi dzanja lawo la zala zitatu lija. Amuna anzawo ankawaseka kuti asanduka mkazi wa mudzi wonse. Ana a tsidya lina ankawaolotsa okha, ang'onoang'ono atakwera pabulu, ndipo asanatsike m'khwawa ankagwada n'kuika khutu pamwala kumvetsera ngati kumtunda kukubwera kanthu.

Khomo lomaliza linali la a Hadda, mayi ake a Itto. Anali ndi mwana wina wamkazi, Tuda, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinali m'gulu la ana odikira panjira tsiku limene a Bassou analimba mtima n'kuodira.

"Amake Itto."

"Musanditchule choncho. Pakamwa panu dzina limenelo lisatuluke."

"Ndamva, mayi. Ndabwerera Tuda."

"Woyamba munam'tsekera kunja. Uyu mukufuna mukam'tani?"

A Bassou anatola chikwakwa chomwe chinali pakhoma, n'kupita kukamweta udzu wa ng'ombe ija. Anauunjika pakhola, n'kuchoka. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa mwezi wathunthu ndi masiku angapo, a Hadda osawapatsa ngakhale moni. Tsiku lina tinapeza Tuda ataima panja, tsitsi lopesa, atagwira chikwama cha mkulu wake chimene matope ake anali asanachokeretu. Mayi ake analankhula ali m'nyumba, osatuluka.

"Muzim'bweza nokha pakhomo pano. Tsiku limene adzabwere yekha, basi."

Tsiku limenelo ana tonse makumi asanu ndi mmodzi tinali m'kalasi limu isanalire. A Larbi anaitana mayina, aliyense anayankha. Tinadikira, maso ali kuwindo. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi. Pageti panali zii.

Tinaganiza kuti zatha. Koma patapita masiku anayi, mtsikana wina atatsala kunyumba kulera mng'ono wake, kugogoda kunabweranso. Pang'ono ndi pang'ono tinazindikira mmene zinkayendera. Mwana akajomba chifukwa chodwala, kunkakhala chete. Akajomba chifukwa cha ntchito, ulesi, kapena msika, pageti pankamveka katatu, ndipo mchenga unkanyowa. A Bassou akamva, sankafunsanso zambiri. Ankasuzumira m'kalasi kuona malo opanda munthu, n'kumasula bulu.

Ife tinakula nazo zimenezo. Sitinkazikamba kwa alendo. Oyendera sukulu ochokera kuboma ankadabwa kuti kamudzi ka kumapiri kakuposa sukulu za m'tauni pa kabweredwe ka ana, ndipo ankafunsa chinsinsi chake. A Larbi ankangoti tili ndi mlonda wakhama.

Ine ndinapitiriza maphunziro kutauni, ndipo patapita zaka ndinabwerera kudzaphunzitsa pasukulu yomweyo. Zipinda zinali zitakwana zinayi. A Bassou anali atawerama msana, abulu awiri atawafera kale n'kugula wachitatu, koma ulendo wa m'mawa sanauleke. Kwa iwo ndinali mwana ndithu. Pamaso pa ana ankanditi aphunzitsi, tikakhala awiri ankanditi iwe.

M'chaka changa chachiwiri kunachitika chinthu chimene chinatisokoneza. M'mawa wina tinaitana mayina m'zipinda zonse, ndipo panalibe wojomba ngakhale mmodzi. Komabe pageti panagogodedwa. Tinawerenganso ana mutu ndi mutu. Onse analipo. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu kugogoda sikunalekere pa katatu. Kunapuma pang'ono n'kuyambiranso, mpaka ana aang'ono anayamba kulira. Madzi a patsinde pa geti anayenderera mpaka m'bwalo.

A Bassou anakhala pampando wawo, wotchi ili m'manja, akutsokomola.

"Iwe, buku lakolo limalemba ana onse a m'mudzi muno?"

"Onse amene makolo awo anawalembetsa, amalume."

"Ndiye kuti alipo wina amene bukulo silikum'dziwa."

Titaweruka tinayenda limodzi, nyumba ndi nyumba. Kumapeto kwa mudzi kunali banja lina la abusa limene linali litatsika kumapiri mwezi womwewo chifukwa cha chilala, n'kukhala m'nyumba yakale ya dothi. Anyamata awo awiri anali atayamba kale sukulu. Bambo wa panyumbapo anatilandira ndi tiyi, natiuza kuti ana ake ndi awiri omwewo. Tikumwa, kuchipinda chamkati kunamveka kachifuwa ka mwana.

"Ndi mphaka," anatero bamboyo.

"Mphaka wanu amatsokomola ngati ine," anatero a Bassou. "Muloleni atipatse moni."

Mayi wa panyumbapo ndi amene anadzuka, osayang'ana mwamuna wake, n'kutsegula nsalu ya pakhomo. Pamphasa panali mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi zitatu, miyendo yake yopinimbira yopindikira m'kati. Dzina lake anali Zahra. Anali atajambula pansi ndi kamtengo zilembo zimene ankaonera m'mabuku a alongo ake, zina zitatembenuka.

"Anthu adzamuseka," anatero bamboyo, maso ali pansi. "Komanso adzayenda bwanji?"

"Woseka adzayamba waseka dzanja langali. Za kuyenda, bulu alipo."

M'mawa mwake Zahra analowa pageti ali pamsana pa bulu, atagwiritsa chingwe ndi manja onse awiri. Tsiku limenelo kunali chete. Panopa Zahra ndi amene amalembera anthu makalata ku ofesi ya m'dera lathu.

Nditazolowerana ndi a Bassou monga wamkulu mnzawo, ndinawafunsa tsiku lina ngati sankachita mantha zaka zonsezo.

"Kugogoda sindikuopa," anatero. "Chimene chimandivuta n'choti nthawi zonse ndimatsegula msanga, koma sindinam'peze n'kamodzi komwe. Ndikanangomuuza kuti lowa."

Anamwalira m'nyengo yozizira, Lachiwiri m'mawa, atangomaliza kumenya limu. Anakhala pampando wawo n'kutsamira khoma, ndipo tinkayesa kuti akuwothera dzuwa. Aphunzitsi aakulu anafuna kuti ana abwerere kwawo nthawi yomweyo. Koma uthenga utafika tsidya lina, a Hadda anabwera ndi ndodo yawo, ali nkhalamba yotheratu, n'kuima pakati pa bwalo.

"Ana asatuluke," anatero. "Munthu uyu wamweta udzu wa mudzi wonse kuti ana akhale m'kalasi, ndiye inu muwatulutse chifukwa cha iye? Amuna akasambitse thupi. Ana aweruke nthawi yake."

Zinachitikadi choncho. Tinaphunzitsa mpaka masana. Litatha pemphero la masana kumzikiti, amuna ananyamula maliro, ndipo ife akazi ndi ana tinaima pakhoma la manda chapatali, ana ali pamzere monga amaimira polowa m'kalasi. Mwa chizolowezi ndinayamba kuwerenga a m'kalasi yanga. M'buku munali makumi atatu ndi mmodzi, ndipo onse anali atayankha m'mawawo. Pamzerepo ndinapeza makumi atatu ndi awiri.

Sindinawerengenso kachiwiri. Ndinauza ana kuti agwirane manja, ndipo tinatsika kubwerera kumudzi.