Magalasi Amene Cephas Ankabisa

Cephas Njobvu anayendetsa minibasi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa msewu wochoka ku Lilanda, kudutsa Matero, mpaka m'tauni. Asanagwire chiwongolero anali kondakitala, ndipo mawu ake anasasa nthawi imeneyo osabwereranso. Ankakhala ku George, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo, pamodzi ndi mkazi wake Lillian, wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Lilanda, ndi mwana wawo mmodzi, Kafula, mtsikana amene anali m'chaka chomaliza cha sekondale.

Pa steshoni anzake ankamutcha ba Dikoni, chifukwa sankatukwana okwera, sankamwa, ndiponso sankakweza basi pamwamba pa njira ya oyenda pansi ngakhale mzere wa magalimoto utalike bwanji. Koma basiyo sinali yake. Tsiku lina atagona ndi malungo mlungu wathunthu, anapeza makiyi ali m'manja mwa munthu wina, ndipo anachita kugwada pakhomo pa mwini basi kuti amubwezere. Kuyambira pamenepo ankapempherera chinthu chimodzi, ntchito ya pepala, yoti munthu ukadwala umapeza malo ako akukudikira.

Ntchitoyo inabwera ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Ba Sampa, bambo wina wa kutchalitchi kwawo, ankagwira ntchito pa kampani yogawa sopo, shuga ndi mafuta ophikira m'mashopu a m'makomboni, ndipo anali mkulu wa yuniyoni ya madalaivala pamenepo. Ndiwo anamuuza kuti akufuna munthu woyendetsa vani. Cephas anapita, anayendetsa bwino pamaso pa oyesa, anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wotsiriza. Kenako anamupatsa fomu. Anaitalikitsa kumaso mpaka pamene dzanja linathera, akudziuza kuti m'chipindamo munali mdima. Pa funso lakuti kodi ali ndi vuto lililonse la maso, anachonga kuti ayi.

Tsiku loyamba, mu Disembala, ba Sampa anamukokera pambali pafupi ndi geti.

"Ba Njobvu, mvelani. Ni miyezi itatu chabe ya pulobeshoni. Mukapita bwino, mwangena mu yuniyoni, palibe wamene angakupisheni monga galu. Chipatala, livu, penshoni, vonse ni vanu. Koma manje apa mukali mlendo. Mukalakwa, ise manja yathu ni yomangika. Mwamvela?"

"Namvela, ba Sampa. Sinizakuchitisani nsoni."

Kuyendetsa sikunali vuto. Misewu ya ku Chawama ndi Kanyama, kumene anamupatsa, ankaidziwa dzenje ndi dzenje. Vuto linali kamakina kooneka ngati foni kamene dalaivala aliyense ankanyamula. M'menemo ndi mmene munkalembedwa dzina la shopu ndi makatoni oti atsitse, m'tizilembo tating'ono ngati nyerere. Cephas akakayang'ana, 3 ndi 8 zinkaoneka chimodzimodzi. Anapeza nzeru yake. Akafika pa shopu ankapereka kamakinako kwa mwini wake n'kunena kuti, "Belengani mweka, mungakambe ati nakunamizani." Eni mashopu ankaseka n'kumuwerengera, ena n'kumamuyamikira kuti ndi munthu wachilungamo.

Mlungu wachitatu anafika pa shopu ina ku Chawama mwini wake atatanganidwa ndi makasitomala a Khirisimasi. Cephas anawerenga yekha, natsitsa makatoni asanu ndi atatu a mafuta pamene pankafunika atatu. Atafika ku Kanyama mafuta anaperewera, ndipo anabwerera ku Chawama dzuwa litapendeka. Mawa lake anaitanidwa ndi ba Nchimunya, mayi wachitsikana amene ankayang'anira madalaivala. Sanakweze mawu. Anangomupatsa kalata ya chenjezo n'kumufunsa ngati pali chimene chikumuvuta pa ntchitoyo.

"Palibe, madamu. Ninali chabe na changu."

Lillian anali ataona kale. Ankaona kuti kutchalitchi mwamuna wake amatsegula Baibulo koma maso ali kwa abusa, ndipo uthenga ukabwera pa foni amaitana Kafula kuti awerenge. Tsiku lina m'mawa, akumusitira yunifomu, anamuuza mosabisa.

"Bashi Kafula, menso yanu yasila mphamvu. Yendani ku kiliniki bakupimeni. Olo muuzeni chabe uja mai wa ku ofesi."

"Iwe, unaonako kuti draiva wa magalasi? Ku steshoni ba Chola banavala magalasi Mande, pa Chisanu mwine wa basi anabatengela makiyi. Leka nipite pulobeshoni. Bakanilemba, nizayenda ku chipatala cha kampani."

"Nanga mukalakwisa futi?"

"Sinizalakwisa."

Loweruka lotsatira anapita m'tauni kwa munthu wina woyala magalasi pa katoni m'mbali mwa msewu. Anayesa angapo akuyang'ana pa nyuzipepala yakale, mpaka ena a mafelemu akuda anamuonetsa zilembo zonse mbee. Anaima pamenepo akuwerenga nkhani ya mpira ya mwezi wathawo mpaka kumapeto. Wogulitsayo anamuchenjeza kuti ndi owerengera basi, patali sangaone nawo. Cephas anawakulunga m'kampango n'kuwaika m'thumba la mkati.

Januwale anayenda bwino. Akafika pa shopu ankatsegula chitseko cha kumbuyo kwa vani, n'kubisala kuseri kwake, kuvala magalasi, kuwerenga, kuvula, kenako kutsitsa katundu. Kuofesi sankawatulutsa n'komwe. Sanalakwitsenso katoni ngakhale imodzi, ndipo ba Nchimunya anamutchula pa msonkhano wa m'mawa kuti ndiye yekha amene kachipangizo koona liwiro sikanamugwirepo akuthamanga. Lamlungu lina Lillian anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni kuti Mulungu wachotsa mwamuna wake pa steshoni. Anthu anaimba nthungululu. Cephas anakhala pa benchi atawerama, akumwetulira.

Kunatsala masiku asanu ndi anayi kuti miyezi itatu ikwane. Mvula inali itagwa masiku atatu osaleka, ndipo Kanyama yense anali dziwe limodzi. Anthu ankayenda pa miyala ndi matayala oponyedwa m'madzi, nsapato zili m'manja. Cephas anaimika vani m'kanjira kopapatiza kutsogolo kwa shopu ina. Mwini shopuyo anayamba kukangana naye kuti anaitanitsa sopo wa mtundu wina, ndipo Cephas anavala magalasi pamaso pake pomwe kuti amuonetse zimene zinalembedwa. Kumbuyo kunafika lole ya mchenga. Dalaivala wake anagona pa hutala, akutulutsa mutu pa windo.

"Iwe mudala, chosapo chimotoka chako! Njila ni ya banyoko iyi?"

Cephas anamenyetsa chitseko, nathamangira kutsogolo mvula ikumukwapula, naliza injini. Kutsogolo kunali chimbuuzi. Anaganiza kuti ndi madzi a pagalasi, nayatsa mawaipa, naponda mafuta kuti apatse njira lole ija. Sanaone pamene msewu unathera. Tayala la kumanzere linagwera mu ngalande imene madzi anaibisa, vani inapendekeka n'kukagunda mpanda wa nyumba ya munthu. Mabuloko anagumukira m'bwalo, pa beseni la zochapa limene mayi wa panyumbapo anali atangolisiya kuti akatenge sopo m'nyumba.

Palibe anavulala. Anthu anathamangira pamalopo, mafoni m'mwamba. Cephas anatuluka, madzi akumufika m'mawondo, ndipo atayang'ana nkhope za anthuwo n'kuona kuti zonse ndi zosaoneka bwino, m'pamene anagwira kumaso. Anavula magalasi aja msanga n'kuwalowetsa m'thumba.

Mu lipoti analemba kuti mvula inali yambiri ndipo ngalande sinkaoneka. Zinali zoona, ndipo ba Sampa anamuuza kuti madalaivala enanso awiri anagwera m'ngalande mlungu womwewo, mwina akuluakulu amva chisoni. Patapita masiku awiri anaitanidwa ku ofesi. Ba Sampa analowa naye n'kukhala pa mpando wa pakona, chifukwa kwa munthu wosalembedwa ankaloledwa kumvetsera chabe.

Ba Nchimunya anatembenuza foni yawo n'kuiika patebulo. Inali vidiyo imene munthu wina wa ku Kanyama anajambula, ndipo inali itazungulira m'mafoni mpaka kufika kwa iwo. Inkaonetsa Cephas akutuluka m'vani, magalasi akuda ali pamphuno.

"Ba Njobvu, aya magalasi ni yanu?"

Cephas anayang'ana ba Sampa. Ba Sampa anayang'ana pansi.

"Ni yanga, madamu. Ni yobelengela chabe. Patali nimaona bwino maningi. Ninaibala kuvula."

"Munayamba liti kuvala?"

"Mu Januwale."

"Nanga pa fomu munalemba chani?"

Ba Nchimunya anapumira m'mwamba n'kutsamira kumbuyo.

"Ba tate, pano tili na madraiva seveni bamene bavala magalasi. Ba Sampa aba bali nayo mu thumba. Sembe munaniuza tsiku lija ninakufunsani, sembe ninakutumani kukapimisa, na pa kamakina kaja sembe tinakulisa malemba. Ni chinthu cha maminiti yabili. Nkhani ya ngalande sembe ninakamba nabo ba manija. Koma munabisa, na mu lipoti mwabisa futi. Nizakamba chani manje?"

Ba Sampa anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Madamu, olo kumuikilako miyezi ina itatu. Uyu munthu nimuziba, ni wa pa chechi."

"Nayesa kale, ba Sampa. Bakana."

Kalatayo inali italembedwa kale. Inkangonena kuti kampani siimulemba ntchito yokhazikika ndipo ikumufunira zabwino. Anapereka makiyi, kamakina kaja ndi malaya awiri a yunifomu. Pa geti ba Sampa anamugwira paphewa.

"Sembe munaniuzako ine, ba Njobvu. Ine chabe."

"Ninayopa," anatero Cephas.

Sanakwere basi, poopa kukumana ndi kondakitala womudziwa. Anayenda wapansi mpaka ku George, m'matope, ndipo anafika masana Lillian asanabwereko kumsika. Anakhala pa mpando osavula nsapato. Lillian atalowa anaona kalata patebulo, naiwerenga ataimirira chikwama chili paphewa. Sananene kuti ndinakuuzani. Anaipinda bwinobwino, naiika pansi pa wailesi, natuluka kukakoleza mbaula. Cephas anamumva akulira kunjako, motsitsa, kuti anthu a nyumba yoyandikana asamve. Kafula atabwerako kusukulu anayang'ana bambo ake, nayang'ana msomali wopanda yunifomu, nalowa kuchipinda.

Vidiyo ija inafika ku steshoni ya Lilanda iye asanafikeko. Atapita patatha mlungu umodzi, makondakitala achinyamata anamulandira ndi kuseka, wina akupanga magalasi ndi zala kumaso. Mwini basi uja anamuuza pa foni kuti basi tsopano ili ndi mnyamata wina, Lemmy, ndipo Lemmy sanalakwe kanthu. Eni mabasi ena awiri anamuuza kuti amuimbira, koma sanaimbe. Cephas ankapitabe m'mawa uliwonse n'kukhala pa benchi ya mayi wogulitsa tiyi, akudikira kuti mwina dalaivala wina adwala.

Lemmy anali kondakitala wake zaka zisanu, ndipo Cephas ndiye anamuphunzitsa kuyendetsa. Tsiku lina masana anabwera pa benchipo n'kumuponyera makiyi pamiyendo.

"Ba Dikoni, nipitileniko tilipu imodzi ku tauni, nidyeko. Mwine sazaziba."

Cephas anakwera. Mpando unali womwe uja, ndi khushoni imene Lillian anasoka kalekale. Anthu anadzaza, kondakitala anamenya chitseko kuti tiyeni. Cephas anaika kiyi, nayang'ana kutsogolo. Ankaona zonse bwinobwino, mpaka zilembo za pa chikwangwani cha butchala kutsidya kwa msewu. Koma ana awiri a sukulu ankadutsa patsogolo pa basi, ndipo anakumbukira beseni lija litaphwanyika pansi pa mabuloko. Anachotsa manja pa chiwongolero. Anawaika pa mawondo, osaliza injini. Okwera anayamba kudandaula kuti akuchedwa. Mayi wina kumbuyo anafuula kuti, "Si uja wa pa vidiyo uyu? Nisiyeni niseluke!"

Anatsika, napereka makiyi kwa kondakitala, nachoka osadutsira pamene Lemmy ankadyera.

Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso ku steshoni. Ba Sampa anabwera kunyumba kawiri, kachiwiri ndi nkhani yakuti sukulu ina ku Kabanana ikufuna dalaivala wa basi ya ana. Cephas anathokoza, nalemba nambala pa kapepala, koma sanaimbe. Laisensi yake yonyamula anthu inatha mu Juni ndipo sanapite kukaikonzanso.

Masiku ano amadzuka m'mawa n'kusesa pabwalo, ntchito imene sanaigwirepo chikwatirire. Akamaliza amatulutsa mpando n'kukhala pakhomo, moyang'ana khoma la chigayo. Wa chigayoyo nthawi zina amamuitana kuti athandize kunyamula matumba a chimanga, ndipo amapita. Abusa anabwera kudzamupempherera, namuuza kuti khomo lina litseguka. Cephas anavomera ameni, nawaperekeza mpaka pa msewu, nabwerera pa mpando wake. Lillian akamufunsa madzulo kuti kodi lero mwadya, amayankha kuti wadya, ngakhale mbale zili momwe anazisiyira.