Ngolo ya Bambo ndi Wogula Wosafika

Ndikanena kuti kwathu netiweki imapezeka pachulu chimodzi chokha, anthu a m'tauni amaseka. Sindinama. Chulucho chili kuseri kwa chigafa cha fodya cha malemu bambo, ndipo pamwamba pake panasalala ngati pasimenti chifukwa cha mapazi a mudzi wonse. Pachulu chimenecho ndi pomwe ndinagulitsira ngolo ya bambo katatu, kwa munthu mmodzi, ngoloyo osasuntha.

Bambo atamwalira, ng'ombe zinathera pamaliro. Patatha chaka, abale awo anakhala pansi n'kugamula kuti ngolo igulitsidwe, tipeze simenti ya chiliza mvula isanagwe. Mayi anali pomwepo pamphasa, koma iwo anabwera m'mudzimo pachitengwa, ndipo mkazi wotengedwa sayankhulapo pa katundu wa mwamuna wake eni ake ali pompo. Anangoyang'ana zala zawo. Ntchitoyo anandipatsa ine, poti ndine woyamba kubadwa, komanso foni yanga inali ndi ming'alu yochepa kuposa zonse za pamudzi.

Panali gulu la pafoni la okushoni, la anthu a ku Malomo, Kasakula mpaka ku Bowe. Umaika chithunzi m'mawa, anthu n'kumaponya mitengo, dzuwa likapendeka wamkulu wa gulu n'kulemba kuti zatheka. Wopambana amapatsidwa masiku atatu oti adzatenge katundu. Ogula a m'menemo ndinkawadziwa. Wina anapambanapo mbuzi yanga n'kundiuza kuti wafika pamlatho. Mbuziyo inabereka, ana ake anabereka, iye akadali pamlatho. Ndikulumbira.

Ngolo ija inapambanidwa ndi nambala yachilendo, yopanda dzina, yopanda chithunzi. Inangolemba kuti, "Musampatse wina. Ndikubwera."

Ndinatsuka ngolo, kupopa matayala, kukhalapo pamwamba n'kumayang'ana kumsewu. Ndinakhala chete kwambiri moti nkhuku inaikira dzira pambali panga. Masana alionse mayi ankandibweretsera mbatata yootcha.

"Sanafike?"

"Sanafike, amayi."

"Anthu a masiku ano," amatero, n'kubwerera.

Ndikaimba nambalayo inali yozimitsa. Ndinaikanso chithunzi. Bambo wina wa ku Kasakula anali atatsala pang'ono kuitenga, koma nambala ija inatulukira n'kuonjezera pang'ono chabe, n'kulemba mawu omwe aja. Ndinayamba kumaona ngati munthuyo amandiona pomwe ndakhala.

Bambo aang'ono anandipeza pangolopo. "Iwe, bambo ako agona pansi pa mulu wa dothi mpaka liti? Mitambo ija ukuiona?" Wamkulu wa gulu nayenso anandichenjeza kuti anthu akunong'ona zoti nambalayo ndi yanga yomwe, ndikungokwezera mtengo.

Pa okushoni yachitatu ndinaika chithunzi, batire n'kufa. Ndinapita kukatchajitsa pagolosale kuseri kwa phiri, ndipo pobwerera ndinadzera njira ya kumunda wathu wa mtedza. Apa ndivomereze kuti ndinanama pang'ono poyamba paja. Netiweki inali ndi malo achiwiri, ine osawadziwa. Foni inanjenjemera m'thumba: "Musampatse wina. Ndikubwera." Ndinaimba pompo. Kuseri kwa thanthwe kunalira nyimbo ya m'tchalitchi, yomwe inkalira m'thumba la jekete la bambo foni yawo ikaitana.

Kenako ndinazungulira thanthwelo.

Mayi anali chiimire, foni ya bambo ili m'dzanja, dzanjalo lili m'mwamba, magalasi a bambo pamphuno. Foni ya bambo inali ndi malaini awiri. Yachiwiri inali ya ogula fodya okha, ana sitinkaidziwa. Ndipo ine ndinali nditaiwala kuti mayi anakhala mlembi wa mphakati wathu wa kutchalitchi zaka zambiri. Kulemba amatha.

"Amayi, ndinu?"

"Ndapambana kapena ayi?"

"Mwapambana. Nanga ndalama zake muzitenga kuti?"

"Ine ndati ndikubwera. Za ndalama wanena ndani?"

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo inandiletsa. Anavula magalasi aja n'kuwapukuta ndi chitenje.

"Ngolo ija inakatenga bambo ako kuchipatala, matope ali m'maondo, magalimoto onse atakana. Ndinakhala m'menemo nditagwira bokosi kuti lisaterereke. Ukaigulitsa, ine mudzakanditenga pa chiyani? Pakabaza?"

Tinatsika phiri tonse, iwo patsogolo.

Abale a bambo ndinawauza kuti wogula ndi munthu wamkulu, walonjeza, sitingamunyoze. M'gulu muja anandichotsa tsiku lomwelo. Ndinabwereka ng'ombe n'kuyamba kututira anthu mchenga ndi njerwa, malipiro ake matumba a simenti. Mvula inagwa pamulu wa bambo chaka chinanso, ndipo bambo aang'ono sanandipatse moni mpaka nthawi yokolola. Chiliza tinamanga mochedwa. Chinapendama pang'ono, koma nawonso bambo ankayenda mopendama.

Patapita madzinja awiri mayi anamwalirira kuchipatala komwe kuja, mvula itagwa sabata yathunthu. Magalimoto anakana. Amene anagwira bokosi kuti lisaterereke ndinali ine.

Ngoloyo ikadali kuseri kwa chigafa. Matayala anaphwa, matabwa ayamba kufumbwa. Anthu amabwera kudzafunsa, ena ndi ndalama m'manja, ogula enieni amene ndinkawalota nthawi ija. Ndimawauza kuti inagulidwa kale. Akandiyang'ana ngati wamisala ndimatulutsa foni, n'kuwaonetsa uthenga uja. Sindinaufufute. Pena ndikakwera pachulu kukaimbira munthu wina, chala chimapita chokha pa nambala ija, koma sindiimba. Foni ya bambo tinaifunafuna m'nyumba monse maliro a mayi atatha, osaipeza, ndipo sindikufuna kudziwa ngati ingalire.