Geti la Teni Koloko

Pachilumbapo ankawatchula a Mphuno, chifukwa mphuno yawo inapuma pantchito eni ake asanapume. Ankagwira ntchito kumaiwe a khonsolo, kumene madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa a tauni yonse amakathera. Maiwewo anali atatu: loyamba lakuda bii, lachiwiri lobiriwira, lachitatu loti mlendo angasukusulemo. Kumapeto kunali geti lachitsulo la chiwongolero ngati cha lole. Ukalitsegula, madzi ankalowa m'paipi n'kukagwera m'nyanja yamchere, imene madzi ake amadzaza n'kuphwa tsiku lililonse.

A Mphuno anabadwira kumtunda, kumene madzi ukawasiya apa umawapeza pomwepo. Tsiku loyamba pantchito, kapitawo anasuzumira kunyanja, kenako anayang'ana wotchi n'kuti, "Teni koloko. Tsegulani." Iwo anaona za wotchizo, za kusuzumirazo zinawadutsa. Kapitawoyo anasamutsidwa mwezi womwewo. Zaka khumi ndi ziwiri, kaya mvula kaya dzuwa, teni koloko geti linkatseguka. Khonsolo mpaka inawapatsa setifiketi ya kusunga nthawi, anaipachika pabalaza pamwamba pa wailesi.

Akazi awo ankalima ndere za m'nyanja. Ankamangirira tizidutswa pazingwe n'kuzikhomera m'madzi olekeza m'mawondo, pagombe loyandikana ndi paipi ija. Tauni itakula, nderezo zinayamba kuyera n'kusungunuka ngati sopo, miyendo ya mayiwo n'kubuka zilonda. Mayiwo ananenetsa kuti ndere za pazingwe zotsala zikawolanso, ulimi ausiya.

"Madzi athu ndi oyera, mayi," ankatero a Mphuno uku akuwapaka mankhwala. "Mwina ndi ukalamba."

"Ukalambawo wagwiranso ndere?"

Tsiku lina a Mphuno anaiwala kamba wawo kunyumba, mayi n'kuwalondola naye kumaiwe. Anawapeza atagwira chiwongolero, maso ali pawotchi.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikutsegula. Yakwana."

"Nyanja ikudzaza, inu mukutsegula? Zonsezi zipita kuti?"

"Kunyanja."

"Nyanja yakeyo ikubwera kwa ine! Tsegulani ikamaphwa, izitengere kutali. Ndi nkhanu yomwe ikudziwa zimenezi."

"Imaphwatu teni koloko."

"Lero iyamba thuu koloko, mawa mochedwerapo. Zaka zonsezi mumandiona ndikunyamuka nthawi zosiyanasiyana, mumati ndimapita kwa chibwenzi?"

A Mphuno anasiya chiwongolero n'kukhala pandowa. Anayang'ana miyendo ya akazi awo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti zilonda ndimakutumizirani m'mawa, mankhwala n'kudzakupakani madzulo," anatero. "Mwamuna wosamala."

Anadikira mpaka thuu koloko. M'mawa mwake anapita kwa injiniya wa khonsolo, chipewa chili m'manja, n'kudziulula. Injiniyayo anafufuza m'kabati, n'kutulutsa pepala la nthawi za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja, loyenera kukhomedwa pageti kalekale, mphemvu zitalidya m'mbali. Onse awiri anangokhosomola, osayang'anana.

Ndere sizinachire msanga, poti maiwewo anali atachepera kale tauni yokulayo. Koma patatha miyezi itatu zingwe zina zinayambanso kulemera, zilonda zinauma, ndipo mayi sanasiye ulimi. Pepala lija linakhomedwa, koma a Mphuno maso anali atafooka. M'mawa uliwonse, akamavala majombo, amangofunsa akazi awo, "Abwana, lero titsegula nthawi yanji?"

Setifiketi ikadali pabalaza. Mlendo akaiyamikira, iwo amagwedeza mutu n'kuti, "Eya, sindinachedwepo ndi tsiku limodzi lomwe. Funsani miyendo ya mayiwa."