Chimangirizo cha mwana wa "achemwali"

Anzanga, tsiku lomwe ndinakumana naye ndinali ndi chidindo cha dzanja kumbuyo kwa siketi. Dzanja langa lomwe, la choko, zala zisanu zonse. Ndinayenda nacho kuchoka kusukulu mpaka pashopu ya fotokope, ndikuganiza kuti anthu akundicheukira chifukwa ndatchena.

"Madamu," anatero bambo wa pamakinayo, "amene wakumenyani kumbuyoku mukamunenere kwa ahedi."

Ndinachita manyazi, koma ndinaseka. Kuyambira pamenepo mapepala anga ankadumpha mzere, mtima nawonso unadumpha. Teremu yonse tinkaonana mothamanga, iye n'kumati, "Holide ikafika ndiwe wanga, bebi. Si mumangogona inu aphunzitsi?"

Kugona...

Holide inabwera ndi mapepala a mayeso mazana atatu oti ndichonge, masikimu a teremu yotsatira, ndi bambo anga odwala sitiroko, opita kuchipatala Lachiwiri lililonse. M'mawa ndinkaphunzitsa ana asanu pakhonde. Ndinapatula sabata yomaliza kuti ikhale yathu awiri. Ndinachita kunyengerera mng'ono wanga kuti adzakhale ndi bambo, ndipo ndinkachonga mpaka chala kutuluka thuza.

Sabata yachiwiri bambo wa fotokope uja anatulukira ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi.

"Mwana wa achemwali anga. Masamu akumuvuta. Muwonjezere pakhondepo, poti uli pa holide."

Ndinavomera. Ukafuna kulowa m'banja la eni umayambira kwa ana. Ankamusiya seveni koloko, kudzamutenga dzuwa litapendeka. Ndinkamudyetsa, kumuluka tsitsi.

Ndiye tsiku lina, matenda athu aphunzitsi aja, ndinapatsa anawo chimangirizo: "Holide yanga."

Kanalemba bwino kamtsikanako, anzanga. "Holide ino adadi amandisiya kwa madamu chifukwa iwo ndi amami ali bize ndi zokonzekera ukwati wawo. Ine ndidzanyamula maluwa. Adadi anati kwa madamu ndiziwaitana kuti ankolo."

Ndinachonga. Naini pa teni. Ntchito ndi ntchito.

Atabwera kudzamutenga, ndinauza mwana akaonere TV ndi bambo anga, kenako ndinapatsa mwamunayo kope la chimangirizocho. Anawerenga, n'kungoti khu pabenchi, pamwamba pa mapepala anga ndi dasitala.

"Ana amapeka nkhani."

"Uyu sapeka. Ndamuphunzitsa ndine."

"Ndimafuna ndikuuze holide ikatha."

"Bwanji osandiuza kale?"

"Ndinaona kuti watanganidwa."

Mukumva, anzanga? Lero wadziwa kuti aphunzitsi sitigona!

Koma osachoka. Anapempha madzi. Anafotokoza za makolo, za kukakamizidwa, za mtima wake womwe akuti uli kwa ine. Anakalonjera bambo anga, iwo n'kumufunsa kuti, "Nanga mwana wangayu mupita naye kuti sabata yomaliza ija? Waivutikiratu." Anangotsokomola, n'kubwerera pabenchi pomwe paja. Ine ndinatenga cholembera chofiira n'kupitiriza kuchonga, ndikusolola pepala limodzilimodzi pansi pake.

Nditasolola lomaliza, anaimirira n'kuitana mwana. Pamasitepe anatembenuka.

"Ndiye... mawa ndimubweretse? Kugawa sanakumvetsebe."

Mwana anandiyang'ana, kope lili pachifuwa. Tsitsi lake ndinali nditaluka mbali imodzi yokha.

"Abwere," ndinatero. "Koma amuperekeze mayi ake."

Anagwira mwana padzanja n'kutuluka, geti osatseka. Kumbuyo kwa buluku lake kunali mbuu ndi choko.

Sindinamuuze.