Mawu a Amayi Kumbuyo kwa Ng'oma

Titabwerera kwathu ku Mongue nkhondo itatha, tchalitchi chathu tinachipeza chatsala makoma awiri, mkati mutamera nsenjere. Njerwa tinaumba tokha. Tsiku lokweza denga, katekisiti wathu anabwera ndi wailesi ya kaseti imene anachoka nayo ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, n'kujambula kwaya ya azimayi ikuimba. Amayi anga anali momwemo. Sankatsogolera, ankaimba chapansipansi kumbuyo, pafupi ndi ng'oma. Chaka chisanathe anamwalira, ndipo katekisitiyo anandipatsa kasetiyo. Chithunzi chawo ndilibe.

Ndinaisunga zaka zambiri m'chitini mpaka inayamba kulira mokoka, tepi itatopa. Ndinapalasa njinga kupita ku Milange kwa bambo wina wa pamsika amene ankalowetsa nyimbo m'mamemole a mafoni. Anaitembenuza kasetiyo n'kupukusa mutu.

"Mayi, iyi yakalamba. Ikalira kamodzi, mwina kawiri, iduka basi."

Anailumikiza ku kompyuta yake, ine n'kupita kukagula mchere. Nditabwerako ndinamupeza akumwetulira.

"Pronto, zatheka! Zanu zalowa, ndakuikiraninso basela, makwaya okhaokha, memole yadzaza."

Ndinaika foni kukhutu. Ng'oma inkamveka, otsogolera ankamveka, koma kuwomba m'manja kunkangoti khwechekhweche ngati jumbo. Amayi munalibe. Ndinabwereza katatu, mtima ukuwira.

"Amayi anga mwawaika kuti?"

Bamboyo anafotokoza mofatsa, ngati akulangiza mwana. Anati kuti nyimbo zikwane zambiri amazipanikiza kwambiri, ndipo makinawo amataya tizinthu timene khutu silimva, monga mawu apansi amene ng'oma yawaphimba. Anthu onse amafuna choncho, anatero, ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula.

"Khutu la yani?" ndinamufunsa. "Makina anuwo anayamwa bere la amayi anga, kuti adziwe zimene ine ndimamva?"

Ndinamuuza kuti andipatse zosapanikiza. Anakanda m'mutu. Zosapanikizazo, poti n'zazikulu, anali atafufuta kale, monga ankachitira ndi za aliyense, kuti kompyuta isadzaze. Njira inatsala imodzi, kuliza kasetiyo kachiwiri.

"Ikaduka musanditchule ine, Mayi. Bolani mutenge zomwe zilipozi."

Ndinachita mantha, sindinama. Ikaduka poyamba pomwe, ndikanatsala ndi khwechekhwecheyo moyo wanga wonse. Koma kupita nazo kunyumba nyimbo zimene amayi achotsedwamo n'kumati ndasunga mawu awo, ndinakana. Ndinamuuza afufute basela yense.

Anthu anali atayamba kuunjikana. Mayi wogulitsa tomato pafupi anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Amwali, anzanu amalimbirana basela, inu mukubweza? Mwabwereka lole kukanyamula nkhuku imodzi!"

"Nkhukuyo ndi yanga," ndinamuyankha, n'kukhala pabenchi. Ulendo uno sindinasunthe.

Bamboyo analizanso kasetiyo, nyimbo yoyamba n'kudutsa. Yachiwiri inayamba kukoka. Yachitatu itangofika pakati, mkati mwa wailesi munati thephu, kenako zii. Bamboyo anatsegula, tepi itakulungana ngati matumbo a nkhuku. Analowetsa zomwe zinapulumukazo m'memole osazipanikiza, n'kundibwereka zomvera zake za m'makutu.

Amayi analimo, kumbuyo kwa ng'oma, mawu awo akuya aja. Ndinamvanso china chimene pa wailesi yanga yokalamba chinkabisika ndi phokoso. Anzawo akamakoka mzere wonse, amayi ankaima pakati, n'kukoka mpweya movutikira, n'kuwapeza anzawowo patsogolo. Mzere uliwonse ankatero. Chifuwa chimene chinawatenga chinali chitayamba kale, ndipo sabata yonseyo anasenza nafe njerwa osauza munthu.

Ndinalira pamsika pomwepo, anthu akuona. Bamboyo anandifunsa motsitsa mawu ngati achotseko kupumako kuti nyimbo imveke bwino.

"Musakhudze," ndinatero.