Mabuku Osokedwa a Tobiasi

A Tobiasi a pa Entre Lagos anali ndi bokosi limodzi lachitsulo, ndipo chaka chimene maso awo anachita ng'ala bokosilo linasanduka mlandu. Mwana wawo Violeta anabwera kuchokera ku Cuamba kudzawauza kuti mvula isanagwe awatenga, akakhale naye pafupi ndi chipatala. Mkulu wofedwa mkazi, wosaonanso bwino, sangapitirize kudziphikira yekha. A Tobiasi sanakane. Anangofunsa ngati bokosi lipita nawo.

"Ababa, nyumba yathu mukuidziwa," anatero Violeta. "Inuyo mukagona chipinda chimodzi ndi ana. Chibokosi chanuchi chikakhala pati? Ndiponso chikununkha nkhungu."

M'bokosimo munali mabuku a zithunzi, aja nkhani yake imayenda m'timipanda tojambulajambula, mawu n'kumatuluka pakamwa pa anthu ngati thovu. A Tobiasi ankawatchula ndi dzina la Chipwitikizi, makwadradinyu. Anawapeza ali mnyamata, pamene ankasesa m'kantina, kasitolo ka Mpwitikizi wina, pafupi ndi njanji. Chaka cha ufulu mwini kantina atanyamuka, anthu anathamangira sopo, ena mchere, ena anazula ndi zitseko zomwe. Tobiasi anatuluka ndi bokosi la mwana wa Mpwitikiziyo. Kwawo anamuseka mpaka misozi: anzake abwera ndi zodya, iye wabwera ndi mapepala.

Nkhondo itafika anathawira ku Malawi monga anachitira ambiri. Mkazi wawo Zodiwa anasenza mbewu ndi miphika, Violeta ali kumsana. A Tobiasi anasenza bokosi. Nkhani imeneyi Zodiwa sanaiike pansi mpaka imfa yake. Ankauza aliyense kuti anakwatiwa ndi munthu amene anapulumutsa azungu okwera mahatchi n'kusiya mbuzi m'khola.

Atabwerera mtendere utabwera, a Tobiasi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siteshoni, n'kuyalapo mabuku. Malo ake anali abwino, chifukwa pa Entre Lagos anthu amadikira. Amadikira sitima, amadikira zikalata za pa malire, amadikira mnzawo amene wapita kukasintha ndalama. Onyamula nsomba za ku nyanja ya Chiuta ankatsamiritsa njinga pamtengopo, n'kupereka kandalama kapena kamulu ka matemba, n'kukhala pansi kuwerenga. Amene Chipwitikizi chinkawavuta, a Tobiasi ankawawerengera okha, mawu a mbava akuwakulitsa, a mtsikana akuwachepetsa. Sanalemerepo ndi zimenezi. Chimanga ndi chinangwa cha kumunda n'zimene zinkawadyetsa, koma dzina anapeza pamphasapo.

Manja ogwira nsomba sachitira chisoni pepala. Mabuku ankang'ambika pamsana, zikuto zinkathothoka, ndipo a Tobiasi anaphunzira kuwachiza. Msana ankausoka ndi ulusi wa ukonde, ndi mfundo imene asodzi amamangira ukonde wong'ambika. Pong'ambika ankamatapo ndi phala lochepa la ufa wa chinangwa. M'mbali mukanyenyeka ankaduliramo ndi lezala, motsatira thabwa lowongoka. Ntchito yake inali yaudongo, ndipo iwo ankaidziwa kuti ndi yaudongo. "Buku langa silifa," ankatero, ndipo sankanama.

Koma si mabuku onse amene ankafika pamphasa. Pansi penipeni pa bokosi panali ena ochepa, okulungidwa m'chitenje, amene sanabwerekepo munthu ndi tsiku limodzi lomwe. Amenewa ankawatcha ogona. Ankawatulutsa kamodzikamodzi atasamba m'manja, kuwayang'ana, n'kuwabwezera. Matelefoni atadzaza m'matumba a anthu, odikira sitima anasiya kubwera pamtengo paja. A Tobiasi anapinda mphasa, ndipo mabuku onse, ogwira ntchito ndi ogona omwe, anagonera limodzi.

Amene anabweretsa chiyembekezo anali Stélio, mwamuna wa Violeta, wokonza matelefoni ku Cuamba. Anali atamva kuti kunja kuli anthu amene amasunga mabuku otere ngati chuma. Anajambula mabuku ogona aja ndi telefoni n'kutumiza zithunzi kwa mayi wina wa ku Nampula, dzina lake Jéssica, amene ntchito yake inali kuyesa mabuku akale asanatumizidwe kunja. Jéssica anayankha tsiku lomwelo. Anati zimene akuona pa zithunzizo sizipezekapezeka, ndipo abwera yekha pakatha milungu iwiri.

Apa Violeta anafewa. "Chabwino, Ababa. Mayiyo akanena kuti m'bokosimo muli chuma, bokosi lonse tilipezera malo, kaya pansi pa tebulo. Akanena kuti mulibe, litsala."

A Tobiasi anavomera. Sankafuna kugulitsa kanthu. Ankangofuna kuti munthu wodziwa anene pamaso pa mwana wawo kuti zimene anasenza zaka zonsezi si zinyalala, basi bokosi likwere sitima.

Ana atabwerera ku Cuamba, mkuluyo anamasula chitenje n'kuyang'ana mabuku ogona aja ndi diso la mlendo. Manyazi anawagwira. Timawaya togwira mapepala pakati tinali titachita dzimbiri. Ngodya zina zinali zitapindika pang'ono. Pa chikuto china thambo linali litafwifwa. Tsono kwathu kuno mlendo akamabwera timasesa pabwalo, timazira khonde, ana timawaveka zochapa. Munthu wochokera ku Nampula konse ungamuonetse zinthu zadzimbiri? Telefoni anali nayo, nambala ya Stélio ankaidziwa pamtima, koma ukatswiri wa zaka makumi atatu sufunsa kwa mkamwini. Paja safunsa anadya phula.

Anakhala pakhonde pamene dzuwa linkawala kwambiri, chifukwa m'nyumba maso sankawathandiza. Timawaya tadzimbiri anatizula tonse, n'kusoka misana ndi ulusi watsopano. M'mbali anadulira ndi lezala mpaka buku lililonse linaima lowongoka. Pofwifwa anadetsapo ndi zolembera zamitundu zimene anagula kumsika, ngakhale kuti dzanja nthawi zina linkapitirira mzere osadziwa. Anagwira ntchitoyi mosangalala kuposa china chilichonse chimene anachita chiyambire imfa ya Zodiwa. Linatsala buku limodzi lokha, lolembedwa m'chilankhulo chimene palibe ankachimva pa Entre Lagos, lodzaza anthu ongoyankhula, lopanda hatchi, lopanda ndewu. A Tobiasi sanalikondepo, ndipo anaona kuti kuliwonongera ulusi n'kulakwa.

Jéssica anatsika sitima pamodzi ndi Violeta. Anali mayi wosalankhulalankhula, wa chikwama chimodzi. Atalonjerana ndi kumwa madzi, anayala nsalu yoyera patebulo, n'kutulutsa galasi lokulitsira zinthu ndi kanyali kakang'ono. Asanaone buku ndi limodzi lomwe, anafotokoza m'Chipwitikizi mmene ntchito yake imayendera.

"Buku lililonse limalandira nota, Papa, ngati mwana wa sukulu. Yapamwamba ndi khumi, yapansi ndi theka. Khumi ndi buku looneka ngati latuluka lero m'makina, ndipo ine sindinaligwirepo. Timayang'ana chikuto ngati chikuwala, ngodya ngati zili zosongoka, msana ngati uli ndi makwinya. Timawerenga masamba, timaona ngati pepala lili loyera kapena lafiira, timanunkhiza. Yanga ndi nota yoyamba chabe. Akunja amayesanso, n'kulitsekera m'pulasitiki yolimba, nota ili pamwamba."

"Msana ndiye musade nawo nkhawa, mayi," anatero a Tobiasi, akumasula chitenje. "Misana ndi yolimba yonse."

Jéssica anatenga buku loyamba. Analitembenuza, n'kuliyang'ana pamsana. Kenaka anatulutsa telefoni, anapeza chithunzi chimene Stélio anamutumizira, n'kuchiyika pambali pa bukulo.

"Ili ndi lomweli?"

"Lomwelo. Ndalikonza."

"Liti?"

"Sabata yathayi. Onsewa."

Mayiyo sanakuwe, sanadzudzule. Anatenga lachiwiri, lachitatu. Anayatsa kanyali kaja, ndipo pamene a Tobiasi anadetsapo panaonekera poyera ngati chigamba pa malaya. Anayeza m'lifupi mwa chikuto ndi kachingwe, n'kupukusa mutu pang'ono.

"Papa, dzimbiri si mlandu waukulu," anatero potsiriza. "Limatsitsa nota pang'ono chabe. Ngodya yopindika chimodzimodzi. Kufwifwa ndi ukalamba, ndipo ogula amakulandira. Chimene amafuna ndi buku monga linabadwira, ndi timawaya take, ndi m'mbali mwake. Buku lokonzedwa amaliyika pagulu lina, amalilemba kuti lokonzedwa, ndipo osunga chuma amalilambalala. Ulusi ndingaumasule, koma mabowo a singano atsala. Inki yalowa m'pepala. Nanga pamene mwadula ndi lezala ndibwezerapo chiyani?"

"Koma tsopano ndi olimba kuposa kale," anatero a Tobiasi.

"Ndi olimba, inde. Kusoka kotere sindinakuonepo. Koma palibe amene adzatsegule mabuku amenewa kuti aone kulimba kwake."

Violeta ndiye anafunsa funso limene bambo ake sakanafunsa. "Akanapanda kuwakhudza bwenzi atapeza zingati?"

"Pa zithunzi ndinaona eyiti. Mwina ena kuposa apo."

"Nanga pano?"

"Pano sindingawatumize."

Violeta anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana panja. Chisoni chinamugwira, ndi mkwiyo womwe, koma sanadziwe choyamba kutulutsa. A Tobiasi anafukula m'bokosi n'kutulutsa buku la pamphasa limene linawerengedwa kuposa onse, lofewa ngati nsanza, la mafuta a nsomba tsamba lililonse. Anafunsa nota yake. Jéssica analigwira mwaulemu, anawerenga masamba, napeza kuti awiri apakati kulibe. Anati theka. Mkuluyo anafunsa ngati pali ina pansi pa theka, ndipo anamva kuti palibe.

Buku lonyozeka lija, lopanda hatchi, limene a Tobiasi sanalikonze, ndi limene linamusangalatsa mlendo. Analitsegula ndi nsonga za zala, n'kunena kuti seveni ndi theka. Anapempha kulitenga kuti akalitumize kunja, ndipo a Tobiasi anamupatsa osaliyang'ananso. Madzulo Jéssica anapeza galimoto yopita ku Cuamba, napita. Paja mlendo ndi mame.

Violeta sanabwereze mawu a pangano, ndipo bambo ake sanapemphe kuti lisinthe. Buku limodzi lopambana linali litapita m'chikwama cha Jéssica, otsalawo anali atagamulidwa. Funso linangokhala la amene angalandire bokosi. Aphunzitsi a pa sukulu anati alibe poika. Achinyamata anabwera kudzaona, anaseka, anajambula ndi matelefoni, napita manja lende. Amene anavomera anali Anifa, mnansi wawo wogulitsa matemba pamsika, ndipo iye sanabise chifukwa chake.

"Ine ndinene zoona, a Tobiasi, kuti mawa musamve kwa ena. Bokosili ndisungiramo nsomba, makoswe andivuta. Mapepalawa ndizikulungira matemba. Majumbo akwera mtengo."

"Nanu mayi Anifa!" anatero Violeta. "Simukanadikira tichoke?"

"Alekeni," anatero a Tobiasi. "Anena zoona."

M'mawa wa tsiku la ulendo, Violeta akumanga katundu, anamva kachiphokoso pakhonde. Anatuluka n'kupeza bambo ake atakhala pansi, bokosi lili chotsegula, lezala lili m'manja. Ankapapasa msana wa buku ndi chala mpaka kupeza mfundo, n'kuidula, n'kusolola ulusi pang'onopang'ono. Masamba omasuka ankawasanja pambali, ndi mwala pamwamba kuti mphepo isawaulutse. Mulu unali utakwera kale. Anali atayamba ndi ogona aja, ulusi wake ukadali woyera.

"Ababa, sitima itisiya. Mukuchita chiyani tsopano?"

Mkuluyo sanatukule mutu. Chala chinali chikufunafuna mfundo ina.

"Ulusi uwu ndi wa ukonde, suduka ndi manja," anatero. "Anifa akamakoka, azing'amba mapepala."

Violeta anaima pakhomo, chingwe chomangira katundu chili m'manja. Kenaka anachiyika pansi, anakhala pafupi ndi bambo ake, n'kuyamba kuwapatsira mabuku limodzilimodzi.